Njinga ya a Stafford ikadali pansi pa lona

Tembisa, Joni
Julayi

Okondedwa achemwali a Rozina,

Ndati ndimve za moyo wanu, inu ndi alamu ndi ana onse kumeneko kwa Kanduku. Mwendo wa amayi uli bwanji ndi kuzizira kumeneku? Pa foni amangoti ali bwino, koma ine mawu awo ndimawadziwa. Nanga manachesi a kuseri kwa nyumba abereka chaka chino? Ine kuno ndilipo. Ndikudya, ndikugona, ndikupita kuntchito.

Kalatayi ndapatsira a Silvio, adalaivala a thiraki aja anakubweretserani mabulangete chaka chatha. Akuti aisiya pa golosale ya a Liness pa Boma. Musadabwe kuti ndalemba pamanja foni ilipo. Ndikaimba mumaika pa sipika, ndiye khonde lonse limamvera, ndi ana a eni omwe amayankhira. Nkhani iyi ndikufuna muyambe mwaiwerenga nokha, mutakhala pansi.

Kuno kwazizira koopsa, m'mawa zala zimachita kukanika kugwira kiyi. Magetsi akuvutabe monga kale. M'chipinda chija tinkagona ndi malemu achimwene a Stafford ndalowetsamo bambo wina wa ku Mangochi kuti tizithandizana lendi. Ndi munthu wabwino, salongolola, amapemphera n'kugona. Amagona pa matiresi a achimwene. Ndinkayesa kuti zidzandipweteka, koma ayi, ndimangoona kuti pagona munthu.

Ntchito ndi yomwe ija yokaperekera zakudya m'makomo mwa anthu pa njinga yamoto. Njinga imene ndimayendera si yanga, monga mukudziwa, ndimabwereka kwa bwana wina wa ku Zimbabwe. Wandiuza kuti mwezi uno ukatha akuifuna, akupatsa mlamu wake amene wangofika kumene. Sindinalimbane naye, njinga ndi yake. Koma ntchito imeneyi popanda njinga ndiye kuti yatha.

Tsopano ndifike pa njinga ya achimwene. Ikadali kuseri kwa nyumba, pansi pa lona, pomwe anaiimika tsiku limene mutu unawayamba. Inu munangoiona pa zithunzi, iwo atakhalapo ndi jekete lachikopa lija, nkhope ataiumitsa ngati abwana a kampani. Ndi chinjinga chachikulu, chakalekale, cha mabokosi m'mbali, chimene azungu amayendera maulendo ataliatali. Anachigula kwa mzungu uja ankamusamalira maluwa, mwini wake atatopa nacho. Maloto awo mumawadziwa. Ankati tsiku lina tidzakwerana awiri, tidutse Beitbridge ndi Nyamapanda, tioloke mlatho wa pa Tete, tidzatulukire pa Zobwe, anthu a pa Boma adzatiyang'ane kukamwa kuli yasa. Ine ndinkawaseka kuti tidzafika tikukankha.

Pogawa katundu wa malemu, amalume a Matthew analamula kuti njingayi ndi ya Tiffany, mwana wa achimwene, ndipo munthu asaigulitse kapena kuimasula mpaka tidzamange chiliza. Anatinso ikadzafika kumudzi, msuweni wathu Prince azidzachita nayo kabaza, zimene azipeza zizilera mwanayo. Mawu amenewo ndinawamva pa foni ndipo ndawasunga. Sindinachotsepo ngakhale bawuti.

Koma achemwali, amalume anagawa chinthu chimene sanachione. Iwo akamva kuti njinga, m'mutu mwawo mumabwera tinjinga tija timaima pa depoti pa Boma. Ichi chikagwa, amuna awiri amachita kuitanizana kuti achidzutse. Mafuta chimamwa ngati galimoto. Prince ndi kuonda kwake kuja akati achikweze mtunda wa kwathu nthawi ya matope, kumbuyo atanyamula mayi ndi thumba la nandolo, tidzamanga ziliza ziwiri. Izi musamuuze, angakhumudwe, ndamva kuti wagula kale magalasi a dzuwa.

Mwini nyumba nayenso wayamba kuyankhula. Akuti oilo amene akudontha akumuonongera simenti, ndipo pamalopo akufuna kumangapo kachipinda kena ka lendi. Poyamba ankanena moseka. Pano sasekanso.

Loweruka lapitali ndinaitana a Jose, makanika wa ku Tete amene ali ndi galaja kufupi ndi kwathu kuno. Ndinawafotokozera mawu a amalume, ndipo iwo, pokhala munthu wa kwathu komweko, sanafunse zambiri. Anangovundukula lona n'kumayang'ana, manja ali kumbuyo. Anaseka ataona kakonzedwe ka achimwene: apa waya, apo mphira, penapake chitsekerero cha botolo chatseka bowo. Kenaka anasiya kuseka, anagwada n'kuyang'ana kunsi nthawi yaitali.

Atadzuka anandiuza kuti injini ikadali ndi moyo. Atasintha tcheni, matayala, batire ndi zina za m'kati, njingayi ikhoza kufika ku Mwanza osavuta. Koma zitsulo zake n'zosowa, ndipo kukonzako kudya kangachepe konse kamene ndasunga. Anatinso ngakhale italira bwino chotani, ntchito yanga singaigwire. Ndi yolemera, singalowe pakati pa magalimoto, ndipo mafuta okha amaliza phindu. Njira ina ndi yakuti iwo ali ndi munthu amene amagula njinga zoterezi n'kuziphwasula kuti azigulitsa zitsulo. Ndikampatsa ameneyo, n'kuonjezera kangachepe kanga kaja, nditenga njinga yaing'ono, yatsopanoko, imene ili pagalaja pawo pompano.

Anandipatsa kiyi kuti ndiyese yaing'onoyo. Ndinazungulira nayo mpaka kumsika n'kubwerako. Ndi yabwino, palibe chimene ndingainenere. Imalira ukangoigusa, mabuleki amagwira, ndi yopepuka. A Jose anandifunsa kuti mtima wanga uli kuti. Ndinawayankha kuti konsekonse kuli bwino. Anandiyang'ana, kenaka anabwerera ku ntchito yawo.

Pali china chimene amalume sanachiganizire, mwina ndi inu nomwe. Mapepala anga okhalira kuno anatha kalekale. N'chifukwa chake sindinaperekeze maliro. Ndinangothandiza kukweza bokosi m'kangolo kokokedwa ndi minibasi, ndinaima pamsewu mpaka anakhota, ndinapita kuntchito. Tsiku limene ndidzadutse pa Beitbridge adzandidinda chidindo choti ndisabwererenso kuno kwa zaka. Kuikweza njingayo pa thiraki a Silvio akana, akuti katundu amene amanyamula ndi wa eni. Anthu onyamula katundu wa a Malawi nawo akutchula mtengo woposa njingayo.

Ndiye nkhani ili apa. Ndikaikonza, ndiye kuti ndikubwera nayo ndekha, ndipo ndikafika ndafika, za Joni zathera pomwepo. Mudzakhala ndi chinjinga pabwalo ndi mlongo wanu wopanda ntchito. Ndikatenga yaing'ono ija, ndiye kuti ndakhala kuno, mpaka liti sindikudziwa. Ndizitumiza za sukulu ya Tiffany, za feteleza, za chiliza, monga ndakhala ndikuchitira. Ya achimwene iphwasulidwa, ndipo kumudzi simudzaiona.

Ndayesa kudzifunsa chimene ndikufuna, koma m'kati muli zii. Chimwalirireni achimwene sindinalire. Anzathu a kuno amanditama kuti ndine wolimba mtima. Si kulimba, achemwali. Ndimadzuka, ndimavala chipewa, foni ikalira ndimapita kumene yandituma. Chakudya chimene ndimanyamula chimanunkhira kumsana kwanga tsiku lonse, ine njala osaimva. Sabata yatha galimoto inandipitira pafupi mpaka kundikhudza chigongono. Mnzanga amene anali pambuyo anaima ndi mantha. Ine ndinangopitirira kukapereka chakudya cha eni, mtima osagunda n'komwe. Madzulo ake ndi pamene ndinaona kuti malaya ang'ambika.

Nthawi zina ndikaweruka msanga ndimakakhala pa njerwa pafupi ndi lona lija. Sindiganiza kanthu. Ndimangokhala mpaka mphepo indithamangitse.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu likubwerali mukatuluka m'tchalitchi mupite kwa amalume, mutenge amayi ndi alamu a Lucia, mayi ake a Tiffany, pakuti njingayi ndi ya mwana wawo. Mukafotokoze zonsezi bwinobwino, osachotsera. Mukawauze kuti za kabaza ndi njinga iyi sizingatheke. Amalume amasule mawu awo aja, anene chimodzi, ndikonze kapena ndisinthe. Yankho lindipeze mwezi usanathe. Chimene akanene ndichita, sindidzawiringula, ndipo sindidzasunga mangawa ndi munthu.

Chimene akanene ndikuchidziwa kale. Amalume atsokomola, kenaka anena kuti ndisinthe. Amayi ayang'ana pansi n'kuvomera. Alamu a Lucia nawo avomera, pakuti mwana ali pa sukulu. Ndipo onsewo akhala akulondola. Munda sulimidwa ndi chinjinga choima pabwalo. Ndikanakhala ine pakhondepo, wina ali kuno, ndikananena zomwezo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka aja ali m'kajumbo kamene kabwera ndi kalatayi. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga amuna anu, kwa alamu a Lucia, kwa Prince, ndi kwa ana anu onse. Tiffany mumuuze kuti bambo ake aang'ono amva zoti akukhoza masamu. Musaiwale a Liness, muwathokoze posunga katundu wathu.

Chotsala ndi cha inu nokha, achemwali, ndipo ndi mbali ya pempho lomwe lija. Pamsonkhanopo, onse akamaliza kunena zanzeru, inu mukanene kuti ndikonze njingayo ndibwere kumudzi. Sakakumverani, ndipo musakakangane nawo. Chichitikireni maliro, aliyense woimba foni amandiuza kuti ndilimbe, ndatsala ndine, onse akuyang'ana ine. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wandiuzapo kuti bwera. Ndisanakankhire njinga ya achimwene ku galaja, ndikufuna ndidzamve kuti pakhonde pa amalume munthu mmodzi ananena mawu amenewo.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Luckson