Dzanja Lanu Talisiya Pamsewu, a Felton Mwangonde

Abambo a Lughano, lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni. Tili ndi nkhani yoti tikuuzeni, ndipo sitikudziwa ngati museka kapena mukwiya.

Mutapuma ntchito ku Capital Hill munaumba dzanja la simenti kunja kwa mpanda kuno ku Area 11, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Munkati ndi pemphero. Munthu akangotsamirapo, munkatuluka ndi tsache, kabudula ali m'chiuno, n'kumulalikira mpaka athawe. Kenako munkalowa m'nyumba mukuseka nokha. Malangizo anu sankasintha: chinthu chilichonse chili ndi ntchito yake, mpando si makwerero.

Ndiye tamvani zimene dzanja lija lasanduka. Aliyense wotola chinthu mumsewu uno amakachiika m'chikhathomo: makiyi, chitupa, magalasi, nsapato imodzi ya mwana. Alonda akamaweruka m'mawa amayamba asuzumiramo. Mayi Hasina, ophika kwa a Dinesh, anapezamo buku lawo la kuchipatala atalifuna sabata yathunthu. Akabaza ukangowauza kuti pa Dzanja, safunsanso. Anayambitsa ndani? Mwana wanu Rejoice wafufuza mpaka kutopa, aliyense akuloza mnzake. Chotidabwitsa n'chakuti palibe amene amaba m'menemo, mu Lilongwe momwe muno!

Koma paja muli m'chipatala munatiuza kuti dzanjali lidzaime pamanda anu ku Karonga. Mwezi watha Lughano anabwera ndi lole ndi amuna anayi oti alizule. Asanakumbe n'komwe, anthu anadzaza pageti, ena ali m'mayunifolomu a kuntchito. Patsogolo panali a Norman, mlonda uja munkakangana naye za mpira, chipewa chili m'manja. Sanachite phokoso. Anangofunsa kuti zotayika azikaziika kuti. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Taphwanya mawu anu, ndipo zikutipweteka. Pamanda taikapo mwala wamba wolembedwa dzina lanu. Mutikhululukire. Lughano sakufuna n'komwe kuti nkhaniyi izitchulidwa, Rejoice akaiyamba amathera m'misozi. Ine Lucy ndikamadutsa pamenepo ndimasuzumiramonso ngati anthu onse, chonsecho ndikudziwa kuti chimene ndinataya ine palibe amene angachitole pamsewu.

Kukuiwalani ndiye ayi, mpaka tsiku limene tidzaonanenso.

Ndife akazi anu Lucy, ana anu Lughano ndi Rejoice, ndi abale onse a ku Karonga.