Dzanja Lamanzere la Eneles

Highfield, Salisbury
14 Ogasiti 1976

Achemwali,

Mulungu ngwabwino, ee, ngwabwino! Ndavina mpaka chitenje kumasuka! Mwana wanu Eneles wasokera mkwatibwi wina diresi la ukwati, lonse, yekhayekha!

Pepani, chimwemwe chatsogola. Muli bwanji kumudziko? Mwendo wa alamu uja unaphwa? Ife kuno tilipo, kungoti apolisi akumatitsitsa m'basi kufuna zitupa, ndi nkhondoyi.

Kalata yanu ndinalandira, ija mukuti Eneles abwerere chifukwa angondithera mbale, komanso kuli bambo wina akumufuna ukwati. Zoona, mbale waswa zitatu. Koma tamverani.

Tsiku lina ndinamutuma ku Machipisa, kumasitolo athu kuno, kukatenga siketi yanga kwa a Custodio, atelala a ku Tete amene amasokera pakhonde la sitolo. Osabwera. Nditamulondola ndinamupeza akuwadulira nsalu, sizasi ili kumanzere! Ndinati ndimumenye padzanjapo monga timachitira kwathu, a Custodio n'kundigwira mkono. Akuti ndiyambe ndaona mmene wadulira. Achemwali, mowongoka ngati njanji! Akutinso mwanayu akangomuyang'ana munthu wadziwa kale msinkhu wake, tepi n'njongotsimikizira. Pano anamupatsa makina akeake pakhondepo.

Ndinamufunsa Eneles chifukwa chake sananene za lusoli. Akuti dzanja limenelo munkalimanga ndi kansanza ali wamng'ono, ndiye ankayesa n'lochititsa manyazi.

Tsono ine mutu sukuima. Luso limeneli analitenga kwa yani? Kodi malemu amayi athu sanali amanzere mobisa? Ndikukumbuka ankasenda chinangwa atatifulatira. Tawafunsani amalume, mundiuze. Nanga ifeyo anatimanga chiyani chimene sitikuchidziwa? Zaka zonsezi takhala tikudandaula mbale zimene lamanja laswa, osalifunsa lamanzere kuti iwe umatha chiyani.

Pempho langa n'limodzi: musamuitanitse. Bamboyo akafune kwina. Mwini wake ndamufunsa, akuti akufuna kukhala aphunzire kusoka majekete. Za ulemu musade nkhawa, moni akupereka ndi lamanja ndithu, akugwadanso.

Mundiperekere moni kwa alamu, amalume, azakhali a kutsidya ndi ana onse. Eneles akuti wakusowani.

Mwezi ukatha nditumiza ndalama papositi. Si zanga ayi. Eneles wazigwirira ntchito ndi dzanja munkamanga lija, ndiye inu muzilandire ndi manja awiri.

Ndine mng'ono wanu wosaiwala kwawo,
Paulina