Des wawinanso

Lachisanu, 7 Novembala

Kutentha kwayamba msanga ku Dubbo chaka chino. Tsiku la kalabu. Sione, wotisamalira, watikweza tonse atatu m'kabasi ka panyumba yathu yosamalira okalamba ndi olumala: ine ndi njinga yanga ya olumala, Merle ndi chikwama chake chimene amagona nacho, Des ndi tayi. Nsomba ndi tchipisi pamtengo wa okalamba. Kamphepo kozizira ka makina oziziritsa m'nyumba. Chimbudzi choti njinga n'kutembenukamo osagunda khoma. Chidwalireni sitiroko, ndi malo okhawo amene ndimalowa ndekha popanda wondinyamula ngati thumba la mbatata.

Merle wapata soseji pa mayere a nyama. Des wawinanso kumakina a juga. Munthu anagwa padenga n'kuvulala mutu, amaiwala kuti wadya kale, koma mwayi sumuiwala iyeyo. Watuluka akuvina. "Noeline, ukanakwatiwa ndi ine bwenzi ukukhalira golide." Ndamuuza kuti ndikukhalira kale matayala, andisiye.

Lolemba, 10 Novembala

Foni yochokera ku Sydney. Tegan, mwana wake wa Des, akuti bambo ake akadyere Khirisimasi kwawoko. Chivulalireni sanamuitanepo, ndipo kuli kamdzukulu kamene sanakaonepo. Des walira, waiwala chimene amalirira, Sione wamukumbutsa, waliranso. Ine ndi Merle kuseka mpaka misozi, kenako misoziyo yasanduka yeniyeni.

Ulendo ngwa m'thumba mwake: sitima yake, ya Sione womuperekeza, ndi pogona. Des akuti ndalama zilipo. "Nanga zowina zonse zija zikupita kuti?" Tonse tavomera kuti zoonadi.

Lachisanu, 14 Novembala

Kalabu. Nsomba yauma pang'ono lero, ndadya yonsebe. Sione amakhala nafe patebulo chifukwa Merle amatsamwa akamadya. Des amalowa yekha kuchipinda cha makina. Lamulo la panyumba: munthu wamkulu, ndalama zake, ufulu wake. Ndimalikonda lamuloli, ndi lomwe limandilola kudya keke pamaso pa namwino.

Wawinanso. Sione wamuombera m'manja, natitengera kunyumba akuimba nyimbo za kutchalitchi kwawo ku Tonga. Mawu ngati a ng'ombe yamphongo.

Lachisanu, 21 Novembala

Merle kwa dokotala wa mano, Sione watisiya pakalabu n'kumuperekeza, ndiye patebulo panalibe wocheza naye. Ndati ndikaone kumene golide amachokera.

Ndaimika njinga pambali pa Des. Wadina, madola awiri apita. Makina abweza masenti makumi asanu, ndiye magetsi phethiphethi, mabelu, kanyimbo kachikondwerero. Des m'manja. Wadinanso, chimodzimodzi. Zimene walowetsa sazikumbuka, amangomva nyimbo. Ndalama zitatha wanyamuka kukatapa zina pamakina a banki a pakhonde, wabwera, zatha, wanyamukanso ngati akupita koyamba. Mtsikana wa kalabu wamubweretsera khofi waulere ndi kumutchula dzina.

"Waona? Ndinakuuza ine." Nkhope ngati ya mwana wolandira buluni. Ndamwetulira. Pobwerera sindinaimbe nawo.

Loweruka, 22 Novembala

Ndikaulula, Colleen wa kuofesi atseka kalabu kwa tonse. Ndikumudziwa. Merle atatererekapo kamodzi kudziwe losambira, nyumba yonse inasiya kusambira mpaka lero. Colleen sadziwa kuletsa munthu mmodzi.

Ndikakhala chete, Lachisanu langa lilipo, koma Des adzadya Khirisimasi muno, chipewa chapepala kumutu, Tegan akuganiza kuti bambo ake sanafune kubwera. Ndipo mwini wakeyo sadzadziwa n'komwe kuti ndalama zinalowera kuti.

Bwanji sanazione wina? Anthu olipidwa alipo anayi. Zakagwera ine wa dzanja limodzi.

Soseji za Merle zidakalipo mufiriji. Wayamba kuzilondera.

Lachiwiri, 25 Novembala

Des wakhala m'mawa wonse pakhonde kupenta kangolo kamatabwa ka mdzukulu. Penti yofiira pakangolo, patayi, ndi pamphaka wa aneba. Wandifunsa dzina la mwanayo mpaka ndatopa. Maisie, Des. Maisie.

Za makina zija ndamuuza Sione pamene amandimanga nsapato. Zinali zosavuta kulankhula ndi pamutu pake kusiyana ndi maso ake. Wasiya kumanga, chingwe chili m'manja. Kenako: "Anti, ine ndimamuombera m'manja sabata iliyonse." Mnyamata wamkulu ngati chitseko, wangokhala pansi pomwepo. Ndamuuza amalize nsapato, tonse tinkaombera.

Masana Sione wakaona kubanki limodzi ndi Des. Zotsala n'zokwanira sitima basi. Lachisanu lina limodzi zikanatheratu. Sione sanadikire Colleen, wapita ndi Des kusiteshoni, matikiti agulidwa lero lomwe. Pogona: Des pasofa kwa Tegan, Sione kwa msuweni wake. Akuti Mtonga aliyense ali ndi msuweni ku Sydney, ndipo wopanda msuweni amapatsidwa.

Lachisanu, 28 Novembala

Ndinanena. Kalabu yatsekedwa "kaye". Mawu a Colleen amenewo, ndipo kaye wake ndi wa zaka.

Tapita kupaki ya kumtsinje. Buledi wa mazira, ntchentche zochuluka kuposa mazirawo. Tayala langa lamira mumchenga, Sione wandizula ngati chinangwa. Chimbudzi chili ndi masitepe, ndiye tiyi sindinamwe. Merle sakundilankhula, akuti ndamulanda nyama ya Khirisimasi ya pamayere. Des pabenchi ndi tayi yake, kufunsa kuti tikupita liti kukalabu.

Ndakwiya. Ndimafuna nsomba yanga ndi kamphepo kanga, ndipo sindinalakwire munthu. Ndikadzaona amene anaika nyimbo m'makina aja ndidzamuponda phazi ndi njinga, chammbuyo ndi cham'tsogolo.

Lachitatu, 10 Disembala

Merle wayambanso kundilankhula. Amafuna womutsegulira botolo la jamu, waiwala kuti dzanja langa ndi limodzi. Tatsegula awiri, iye kugwira ine kupotokola, jamu pansi. Kangolo kauma.

Lolemba, 22 Disembala

Kusiteshoni tonse. Des tayi yatsopano, kangolo kukhwapa, sanalole kuti kalowe m'chikwama. Sione watenga chakudya chokwanira sitima yonse.

Atatsala pang'ono kukwera, Des wawerama pa njinga yanga. Akuti akumva kuti alipo amene anamunenera za makina, koma zamuthawa, ndani kodi? Ndati ndine. Wandiyang'anitsitsa. "Unandiuzapo kale zimenezi?" Ndati pafupifupi tsiku lililonse. "Ndiye ndinakukhululukira?" Ndati ayi, dzulo lomweli ananditcha kazitape wa matayala n'kundibisira shuga.

Waganiza, pakamwa pakugwedezeka. Sione akukuwa pakhomo la sitima kuti akwere.

"Chabwino. Pano ndilibe nthawi, kuli munthu akundidikira. Ndikabwera undikumbutse kuti ndinakukwiyira."

Ndati ndidzamukumbutsa. Sindidzatero.