Anandikiyira Geti ku Kauma

Biwi, Lilongwe
14 Febuluwale 2024

Okondedwa Achimwene Enerst,

Ndikhulupirira kuti ku Joni muli bwino. Kuno tilipo, koma ine mtima sunakhale pansi.

Lachiwiri lapitali Mayi Hafsah, amene amagulitsa mandasi pafupi ndi situdiyo yanga, anandiitanira ku Kauma komwe amachita lendi. Khoma la bafa linagwa ndi mvula n'kuthyola mwendo wa mwana wawo, Upile. Ankafuna zithunzi zokaonetsa kukhoti, poti eni nyumba, a Jones, anauzidwa kalekale za mng'aluwo koma sanalabadire.

Ndili mkati mojambula ndinamva geti likukiyidwa. Potembenuka, a Jones aima ndi azibambo awiri.

"Wakulola ndani kujambula pa puloti panga? Fufuta zonsezo, apo ayi kamerayo situluka muno!"

"Abambo, andiitana ndi alendi anu," ndinayankha. "Ngati mukufuna ndichoke, tsegulani ndizipita. Koma sindifufuta."

Mmodzi wa azibambo aja anakoka lamba wa kamera mpaka khosi langa linasupuka. Mayi Hafsah anakuwa, anthu anadzaza kunja kwa mpanda, wina n'kuimbira apolisi.

Wapolisi atamva mbali zonse anati, "Bambo, malo ndi anu, mutha kumuuza atuluke. Koma kumutsekera muno ndi kumulanda kamera, mlandu ugwera inu." Kenako anandiyang'ana. "Nanunso asisi, mumpanda mwa eni muzisamala. Mudzafera za eni."

Ndinatuluka ndi zithunzi zonse. Koma m'mawa mwake a Jones anawatayira katundu panja Mayi Hafsah, mvula ili mkati.

Achimwene, sindinadikire kukupemphani. Ndawalowetsa iwo ndi Upile m'chipinda chanu chija kunyumba kuno, katundu wanu ndasamutsira kwanga. Musakwiye. Mlandu ukalowa sabata yamawa ndipo ine ndikakhala mboni. Dzulo bambo wa lamba uja anaima tsidya la msewu, kuyang'ana situdiyo. Ndayamba kuweruka dzuwa likadalipo.

Mukaimbira foni amayi kumudzi musatchuleko izi, magazi awo angathamangenso.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Upile ali pabedi panu ndi chikhakha chake, ndipo akuti ndikuthokozereni amalume amene sanawaonepo. Ndamuuza kuti mwavomera.

Ndine mlongo wanu,
Mwayiwathu