Mkango Kumbuyo kwa Ababa

Lachiwiri, 9 Seputembala

Ndilembe, mwina zichoka m'mutu.

Lero ndaona mkango. Osati pa TV, osati kuseri kwa waya. Kuming'oma ya njuchi ya Ababa, m'mphepete mwa nkhalango, pafupi ndi kamtsinje kaja.

Tinapita m'mawa kukaona ngati uchi wakhwima. Chibwerereni kuno kwathu, sitolo yomwe ndinkagwirako ntchito ija itatsekedwa, ntchito yanga ndi imeneyi: kunyamula ndowa, kuyatsa chitini cha utsi, ndi kukhala makutu a Ababa, poti awo anatseka. Lakumanzere lokha ndi lomwe limamvako pang'ono, nalonso mpaka ukuwe ngati ukuitana munthu wa tsidya lina.

Iwo anali atavala chipewa chawo cha neti, atawerama pa mng'oma wakumapeto, akupopa utsi. Ine ndinaima chakutsogolo kwawo, patali pang'ono, chifukwa njuchi zimandida. Choyamba ndinamva fungo. Ngati la mphaka wonyowa, koma lolemera, losakanikirana ndi la nyama yoyamba kuwola. Mbalame zonse zinangoti zii. Kenako udzu wa kumbuyo kwa Ababa unatseguka.

Waukazi, wopanda manyenje. Woonda, nthiti kuonekera. Unaima pafupi moti kulumpha kamodzi kukanakwanira. Unkayang'ana msana wawo. Thupi lonse duu, nsonga ya mchira yokha ndi imene inkagwedezeka.

Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndipo akanatuluka akanathandiza chiyani? Kuti Ababa amve ndimayenera kukuwa, nanga ndikanakuwa akanayamba kumva ndani? Ndinangoima, ndowa m'manja, mkodzo ukutsika m'mwendo. Ndalemba, palibe amene awerenge.

Kenako unatembenuza mutu n'kuyang'ana ine. Maso achikasu, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono. Mmene munthu amayang'anira katundu pamsika asanaganize ngati agule kapena ayi.

Ababa ankangopopa utsi, kupopa, kupopa, mpaka utsi unadzaza ponseponse, njuchi n'kuyamba kuwira. Mkango unapukusa mutu, unayetsemula, n'kubwerera muudzu mosafulumira.

Ndinawakoka malaya, n'kuwalozera mutu wanga kuti ukupweteka, tizipita. Anangoti, "Ana a masiku ano," n'kutseka mng'oma. Njira yonse ndinkayenda chotembenuka.

Sindinauze aliyense.

Lachitatu, 10 Seputembala

Mphaka wa Amayi wadutsa pakhonde, mapewa akukwera ndi kutsika, ndipo ndagwetsa kapu. Amayenda chimodzimodzi.

Lachinayi, 11 Seputembala

Fungo lija silikuchoka. Ndachapa zovala za tsikulo kawiri, ndasamba mpaka khungu kuwawa, koma lili m'mphuno.

Ndawauza Amayi. Timatsuka mabotolo a uchi kuseri kwa khitchini, ndiye anandifunsa kuti bwanji ndikutsuka botolo limodzi lomwelo kuyambira kale. Ndinangoyamba kufotokoza. Sanakuwe, sanagwire pamutu. Anaika botolo pansi bwinobwino, n'kupukuta manja pachitenje nthawi yaitali, manja atauma kale.

Anati, "Bambo akowo wawauza?"

Ndinati ayi.

"Usawauze. Ameneaja ukawauza kuti mbaula yatentha, amayamba agwirapo kaye. Akamva za mkango apita kukaona ngati n'zoona."

Ndinati nanga akapita okha osadziwa? Amayi anati zimenezo ndiwasiyire iwo. Anatinso, motsitsa mawu ngati kuti Ababa angamve, "Chitsekereni makutu, anzawo onse anasiya kubwera kudzacheza. Zatsala ndi njuchizo. Tikawalanda, tiwaika m'manda akuyenda."

Madzulo ano jombo za Ababa zasowa, ndipo matayala onse awiri a njinga aphwa. Azungulira nyumba yonse. Anafunsa kuti kodi nyumba ino jombo zimamera miyendo? Amayi anawakuwira kukhutu kuti nanga jombo si za miyendo. Ndinaseka, koma pang'ono chabe.

Lachisanu, 12 Seputembala

Ndapita kuofesi ya alonda a nyama. Kachipinda kamodzi, mapu pakhoma, tebulo lopendekeka. Ndinapeza mayi wa yunifolomu yobiriwira akumwa tiyi. Nditangotchula kamtsinje anasiya kumwa.

Akuti mtengo unagwera mpanda wa magetsi kumalo osungira nyama, ndipo mkango umodzi waukazi unatuluka. Wokalamba, anzake anaupirikitsa, mano ena anathyoka. Akuufunafuna. Ndinafunsa kuti wokalamba ndiye kuti si woopsa kwambiri? Anati ayi chemwali, wokalamba ndi amene sathanso kugwira nyama zothamanga.

Anandilangiza zambiri. Osayenda wekha. Kuchita phokoso poyenda kuti ukumve uli patali. Mukakumana, osathawa. Ndipo chachikulu, osaupatsa msana.

Ndinati bambo anga anaupatsa msana nthawi yonseyo.

Anafunsa, "Ali moyo?"

"Ali kunyumba, akufunafuna jombo."

Sanaseke. Anati mwina unali utakhuta, mwina ndi utsiwo, iwo sangadziwe. Mawu akuti sangadziwe ndi amene ndabwera nawo kunyumba. Ndimafuna wina andiuze chifukwa chake unatisiya.

Loweruka, 13 Seputembala

Ng'ombe ya wachigayo yapezeka itadyedwa kumunsi kwa mlatho. Akuti yatsala mutu ndi ziboda. Pamsika nkhani ndi yomweyo. Wogulitsa malasha akuti anaumva ukubangula, wosoka nsapato akuti ndi iwiri, wina akuti ndi isanu. Ine amene ndinauona ndi maso ndinangopitiriza kusankha tomato.

Ababa anali nane. Ankadutsa pakati pa anthu akupereka moni, akumwetulira, chipewa m'manja. Aliyense akudziwa kupatula iwo. Amayi anayenda kale khomo ndi khomo, ndiye palibe amene akuwakuwira. Anthu akawaona amangosintha nkhope, n'kugwedeza mutu mwaulemu.

Titabwerako ndinachita chinthu chopusa. Ndinaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, n'kutseka makutu ndi zala mwamphamvu. Ndimafuna ndione mmene Ababa amakhalira. Masana, dzuwa lili phwee, pakhomo pathu pomwe. Sindinathe ngakhale kanthawi. Ukatseka makutu, dziko lonse limasamukira kumbuyo kwako. Msana unayamba kuzizira kuchokera m'khosi. Nditatembenuka panalibe kanthu, nsalu ya bedi yokha ikuuluzika.

Iwo amakhala choncho tsiku lililonse, ndipo amaseka.

Lamulungu, 14 Seputembala

Ababa sanadye bwino. Akhala pampando wawo tsiku lonse akukonza chitini cha utsi chomwe sichinawonongeke. Kawiri ndawapeza akundiyang'ana, ndikayang'ana iwo amabweza maso.

Achimwene aimba foni kuchokera kutauni. Akuti tigulitse ming'oma basi, nkhani ithe. Kulankhula n'kosavuta uli m'nyumba yosanja.

Lolemba, 15 Seputembala

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa Amayi analowa kuchipinda kwanga atanyamula thumba la zovala zochapa, lomwe anabisamo jombo. Mulibe. Chipewa cha neti palibenso pamsomali. Njinga ili pomwepo, ndiye kuti apita pansi.

Ndinavala nsapato mosemphanitsa, n'kuthamangira pamsewu. Wanjinga yamoto ananditenga mpaka pothera msewu wa magalimoto, pomwe pamayambira kanjira ka kunkhalango. Pamenepo anazimitsa injini. Anati, "Chemwali, ine ndili ndi ana aang'ono." Sindinamuimbe mlandu.

Ndinayenda ndekha. Chulu chilichonse chinali mkango. Udzu wouma uli ndi mtundu wake weniweni, sindinazindikirepo zimenezi kale. Ndinatola chitini chadzimbiri n'kumachimenya ndi mwala monga ananenera mayi wa kuofesi uja, ndikuimba nyimbo ya kusukulu yomwe sindikudziwa kuti inachokera kuti. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina.

Ndinawapeza. Osati paming'oma, koma kumunsi pang'ono, pamatope a kamtsinje. Anali atakhala pansi, chipewa pambali. Patsogolo pawo panali phazi litadinda m'matope, ndipo anali ataika chikhatho chawo pambali pake. Phazilo linali lalikulu kuposa chikhatho.

Ndinawagwira paphewa. Anadzidzimuka thupi lonse, ngati ndawaotcha. Sindinawaonepo Ababa akudzidzimuka choncho.

Atandizindikira anati, "Ndiye unali mkango."

Ndinakhala pansi. Iwo anapitiriza, mokweza monga amalankhulira anthu osadzimva, mawu akumveka nkhalango yonse.

"Tsiku lija ndinadzutsa mutu kuti ndikuuze ubweretse ndowa. Ndinaona nkhope yako. Sunkayang'ana ine, unkayang'ana kupitirira phewa langa. Ndinadziwa kuti kumbuyo kwanga kuli chinthu."

Ine nkhope yawo sindinaione chifukwa cha neti ija.

Ndinawakuwira kukhutu kuti bwanji sanatembenuke.

"Ndikanatembenuka ndikanakuwa. Ndikanakuwa ukanathawa. Chilombo chimatsata wothamanga, mwanawe. Ine ndi mawondo angawa sindikanathamanga. Ukanathamanga ndiwe. Ndiye ndinati bola chizingoyang'ana ine."

Ankapopa utsi uja dala, akudikira kuti chinthu chiwagwere pamsana.

Ndinafunsa chifukwa chake sananene masiku onsewa. Anati ankadikira ine. Akuti akangotseka maso amachimva chitaima kumbuyo, chilibe nkhope, chilibe dzina, ndipo anthu onse akungowamwetulira ngati wodwala. Ndiye anabwera kuti adzaone okha chinali chiyani.

Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi. Anandisiya ndilire. Kenako anati za jombo ankadziwa kuyambira Lachinayi, chifukwa Amayi amabisa zinthu malo amodzimodzi chikwatiraneni.

Pobwerera anandigwira pamkono osasiya. Ine ndikumenya chitini, iwo akuyang'ana uku ndi uku. Wanjinga yamoto uja tinamupeza akadali pomwe anandisiya, injini ikulira, njinga itayang'ana kobwerera.

Amayi sanawakalipire. Anawavula jombo okha, atagwada.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Alonda atchera msampha kumunsi kwa mlatho. Atiletsa kupita kuming'oma. Ababa avomera osatsutsa, ndipo zimenezi zandiopsa kuposa akanatsutsa.

Fungo lija labweranso ndikusita zovala.

Lachinayi, 18 Seputembala

Augwira. Anaubaya jakisoni wogonetsa m'mawa, ndipo lole yomwe ikuubweza inaima pamalo omwetsera mafuta. Nkhani itafika, ndinawalembera Ababa ndi chala pafumbi la patebulo: AUGWIRA. Anadzuka n'kuvala jekete yawo ya kumisonkhano.

Anthu anali atadzaza, ena atakwera pampanda. Palole panali chibokosi chachitsulo, chokutidwa ndi lona, chokhala ndi timipata topumira m'mbali. Mayi wa yunifolomu uja anandizindikira. Anafunsa kuti awa ndi bambo a msana aja? Nditavomera, anapatula anthu kuti tidutse.

Ababa anasuzumira pakampata. Munali mdima. Akuti ankangoona ubweya ukukwera ndi kutsika, nkhope inali italoza kwina. Ndinaona kuti akhumudwa. Ine sindinasuzumire, fungo lokha linandikwanira.

Ndiye mankhwala anayamba kutha mphamvu. Kulira kunayambira pansi penipeni, ngati injini ya chigayo ikamadzuka, n'kumakula mpaka ndinakumva m'mano. Anthu onse anabwerera m'mbuyo nthawi imodzi, ena kugwerana, ine ndemwe. Ababa okha anatsala pomwepo, poti sanamve kanthu. Dzanja lawo linali pachitsulo.

Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anayang'ana dzanja lawo, kenako anaika ndi linalo, zikhatho zonse ziwiri pachibokosi. Mayi uja anafuna kuwakoka koma anasiya.

Anatembenukira kwa ine. "Mkangowu ukulankhula?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Tsiku lija unatero?"

Ndinapukusa mutu. Tsiku lija sunatulutse mawu ngakhale amodzi.

Anakhala choncho mpaka dalaivala analiza injini. Lole itanyamuka, manja awo anatsalabe m'mwamba kanthawi, kenako anawalowetsa m'matumba a jekete. 

Ndikulemba izi ndili pabalaza. Mpando wa Ababa wakhala ukupatsa msana chitseko kuyambira ndili mwana, chifukwa amakonda kuwala kwa pazenera. Titangofika anaunyamula okha, n'kuukhazika pakona, msana kukhoma. Amayi alowa ndi tiyi, aima pakati pa chipinda, akusowa poika kapu.