Nyimbo ya posita malaya

Lachinayi, ku Kabwata. Ndatopa, ndipo kummero kukuwawa.

Mawa tikuika ba Mulenga. Akazi awo akufuna kuti kwaya yathu iimbe nyimbo imene malemuwo ankaing'ung'udza posita malaya, koma mutu wake sakuudziwa, mawu akenso ayi. Angonding'ung'udzira ali pa matilesi. Mwana wawo waing'ung'udzira foni yake kuti iifufuze, foniyo n'kutibweretsera rumba. Pamaliro!

Masana onse ndathera m'buku la nyimbo, tsamba ndi tsamba, kuyerekeza ma do-re-mi mpaka ndaipeza. Taiimba bwinobwino kuseri kwa tenti, koma mayiwo angopukusa mutu.

"Iyayi ba Tembo, si iyo. Pakati apo mukukwela maningi. Iwo anali kutsika."

Inde ankatsika! Bambo aja ali m'kwaya mwathu mawu okwera sankawafika, ndinalankhula nawo mpaka kutopa. Ndiye lero ndaphunzitsa anthu akuluakulu kuphonya dala, pamalo penipeni pamene ankaphonyera iwo. Titaimba chophonya chomwecho, mayiwo agwira pakamwa n'kuyamba kulira.

Ndine ndinawachotsa ba Mulenga m'kwaya chifukwa cha kutsika komweko. Mawa kwaya yonse iwatsatira, ine ndili patsogolo.