Kadontho ka Pansi pa Mango

4 Malichi 2024
Madzi afika pakhonde. Nyanja chaka chino yapenga. Bafa lagwa, mpunga wonse wamira. Akuti bungwe lija loona za nyanja ligawa malo kumtunda, cha ku Mwadzama, kwa omwe nyumba zawo zili pangozi. Mayina adzatuluka mu kompyuta. Mtima pansi, anatilemba chaka chatha.

12 Malichi
Mayina atuluka, ife sitilipo! A Sofiya alipo, a Layson alipo, chonsecho kwawo n'kokwera kuposa kwathu. Ramadani yayamba lero, koma pomasula phala ndangolikankhira pambali.

15 Malichi
Ku ofesi kwawo, ku boma. Minibasi yandidyera ya sopo. A Maliko, omwe anadzatilemba aja, andionetsa mapu. Akuti masiku ano za mvula, za kukwera kwa nyanja ndi za nyumba zimasungidwa pamodzi pa intaneti, makina amasankha okha oti asamuke. Nyumba iliyonse ndi kadontho. Kathu kali pamtunda, pansi pa mango wa kumsewu. Pouma gwa.

Ndiye ndakumbukira. Tsiku lija kunali matope. Bambo anga anati mlendo wa nsapato sitimupondetsa thope, n'kundisenzetsa mpando kukamulandirira pa mango paja. A Maliko anadina foni yawo ali khale pampandopo.

Ulemu umenewu! Watidyera malo.

23 Malichi
Tikugona kusukulu, mabanja atatu kalasi imodzi. Udzudzu osanena. Bambo akungowerenga tasibihi, mikanda yawo yopempherera. Ndawayankha mwano m'mawa, zikundiwawabe. A Maliko alonjeza kudzadinanso ataima pakhomo penipeni, malo asanathe kugawidwa.

2 Epulo
Abwera, sananame. Tapita pabwato. Denga lokha likuoneka, ndi nsonga ya papaya wanga. Adina, foni yakana. Adinanso, yakana. Akuti zithunzi zojambulidwa m'mwamba zasintha kale mapu: pathu pano tsopano ndi nyanja, ndipo makina salola nyumba m'nyanja. Dzana tinali pouma, lero kulibe n'komwe. Nanga ndinabadwira kuti ine?

Pobwerera bwato latitimira pamchenga tisanafike pouma. Bambo, ndi nyamakazi yawo ija, alumphira m'madzi mpaka m'mawondo n'kuyamba kulikoka.

"Dikirani abwana, munganyowetse nsapato."